Nkhope ya Onofrio, Mawu a Ermete

Onofrio Laganà anafa kambirimbiri m'mafilimu, koma palibe imfa ngakhale imodzi imene anafa ndi mawu ake. Anaomberedwa ali pa hatchi, anabayidwa ndi mkondo atavala chisoti cha asilikali akale, anagwa kuchokera padenga la tchalitchi, ndipo kawiri konse anamizidwa mumtsinje umodzimodzi. Nthawi zonse asanatsinzine ankatsegula pakamwa n'kunena mawu omaliza, oti amayi m'holo ankapisa m'zikwama kufuna mipango. Koma mawuwo sanali ake. Anali a Ermete.

Ndi mmene mafilimu ankapangidwira ku Roma masiku amenewo, ndipo panalibe amene ankaonapo chachilendo. Pojambula sankalabadira za mawu. Kamera inkalira ngati chigayo, akalipentala ankakhoma misomali kuseri, wotsogolera filimu ankakalipa kuyambira m'mawa, ndiye maikolofoni ikanatolapo chiyani? Wosewera amene sankatha kuloweza ankangouzidwa kuti, "Iwe ingowerenga manambala, koma uwerenge mokwiya." Munthu ankagwada pamaso pa namwali, misozi ili chuchuchu, n'kumati chimodzi, ziwiri, zitatu. Mawu enieni ankalowetsedwa pambuyo pake, m'kachipinda ka mdima, ndi anthu amene ntchito yawo inali yomweyo.

Opanga mafilimu anamupeza Onofrio kophera ng'ombe ku Testaccio, ku Roma komweko, atasenza mwendo wa ng'ombe paphewa. Anali atangobwera kumene kuchokera kumapiri a ku Calabria. Nkhope yake inali ya munthu woti wapha kale awiri ndipo akuganizira wachitatu, pamene mwini wakeyo ankaopa ngakhale nkhukundembo. Vuto linaoneka atangoti alankhule. M'chithupi chonsecho munatuluka kamawu kopyapyala, kothina, ka mbuzi yodwala chimfine, komanso m'chilankhulo cha kumapiri chimene anthu a ku Roma sankachimva mutu wake. Wotsogolera filimu anaseka mpaka kutsokomola.

"Nkhope tatenga," anatero. "Mawu tikafuna kwina."

Kwinako kunali kwa Ermete Salvadei, kamunthu kafupi, kadazi, kokulunga mpango m'khosi ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Mukanakumana naye pabasi simukanamupatsa ngakhale mpando. Koma akangoti, "Tsekani chitseko," munthu unkatseka usanaganize. Kwa zaka zoposa makumi atatu, Onofrio ankasuntha milomo ndipo Ermete ankaikamo mawu. Sanali mabwenzi kwenikweni. Ankangokumana pogulitsira khofi pafupi ndi situdiyo, aliyense ataimirira ndi kapu yake, n'kumatafulana.

"Iwe chimphona, uziwerenga pang'onopang'ono," ankatero Ermete. "Ukafika pa zisanu ine ndimakhala ndisanamalize kumuuza mkaziyo kuti ndimamukonda."

"Uzimukonda mwachangu. Hatchi imakhala ikundidikira."

Zonsezi Onofrio akanatha kuzinyamula mpaka kumanda osadandaula, pakanapanda achemwali ake, a Nunziata. Iwo ndi amene anamulera mayi awo atamwalira, ndipo anamulera asakuona, pakuti chikuku chinawapha maso akadali kamtsikana. Munthu ankamudziwira kumawu basi. Filimu yoyamba ya Onofrio itafika kutauni ya kumunsi kwa phiri, mudzi wonse unatsika pa lole, ndipo a Nunziata anawakhazika kutsogolo ngati mkwatibwi. Anakhala duu mpaka filimu kutha. Potuluka anamugwira mchimwene wawoyo pamkono.

"Anthu akuti wasewera bwino," anatero. "Koma ine sindinakupezemo. Munali bambo wina wa m'tauni, wa mawu ake abwino. Iwe unali pati?"

Sanapitenso. Oyandikana nawo akabwera n'kunena kuti, "A Nunziata, mchimwene wanu wafanso dzulo, koma ndiye anafa bwino," iwo ankayankha akusenda nyemba kuti, "Wafayo ndi wa eni ake. Wanga ndimalankhula naye pafoni Lamulungu." Anthu ankaseka, Onofrio nayenso ankaseka akamuuza. Koma zinkamupweteka, ndipo kupwetekako kunkakula ndi zaka. Dziko lonse linkamudziwa, kupatula munthu mmodzi yekhayo amene iye ankafuna kuti amutame.

Mafilimu a mahatchi anatha. A asilikali akale anali atatha kalekale. Onofrio anayamba kuitanidwa kukasewera mlonda wa pachipata, kapena agogo amene akusinza paukwati, ndipo nthawi zina foni inkakhala miyezi ili zii. Mkazi wake anamwalira, mawondo anayamba kukana masitepe, ndipo nyumba inkanunkha supu wa dzulo. Anali atatopa, kutopa kosatha ndi tulo.

Ndi pamene panatulukira Tullio, mnyamata wa ndevu zosapesa, wotsogolera mafilimu amene anali atawerenga mabuku ambiri kuposa chakudya chimene anadya. Anamupatsa Onofrio gawo lalikulu, la mlimi wokalamba amene ana ake akufuna kugulitsa munda wa maolivi kuti amutengere kumpoto, iye n'kumakana mpaka kufera m'mundamo. Onofrio anamukonda mlimiyo. Anamudziwa, pakuti kwawo kunali amuna otero khomo lililonse. Ulendo umenewu sanawerenge manambala. Analoweza mawu onse, usana ndi madzulo, akuyenda m'khitchini, ngakhale ankadziwa kuti palibe amene akuwatola.

Atamaliza kujambula, uthenga unafika woti Ermete amuchita opaleshoni yapakhosi.

Onofrio anapita kukamuona kunyumba atanyamula malalanje, n'kuzindikira ali pakhomo kuti munthu wodwala pakhosi malalanje adya bwanji. Anamupeza atakhala pafupi ndi windo, wachepa ngati mwana wa sukulu, kansalu koyera kataphimba pakhosi. Kuti amumve, Onofrio anachita kugwada ndi mawondo akewo n'kuika khutu pafupi ndi pakamwa pake.

"Andilanda," ananong'ona Ermete. Sanali mawu, unali mpweya chabe.

"Abweza. Madokotala amabweza."

"Usandinamize, chimphona. Sutha kunama popanda ine."

Kenako Onofrio, pofuna kuseketsa mnzake, anati, "Nanga tsopano ndifa ndi mawu a ndani?"

Ermete anatukula chala n'kumubaya nacho pachifuwa. "Ako. Ndi oipa, inde. Koma mlimi uja ndi wakwanu."

Onofrio anatsika masitepe malalanje akadali m'manja. Pamsinkhu wakewo, munthu sayenera kufunanso kanthu, chifukwa kufuna kumatopetsa kuposa ntchito. Koma anafuna. Anaganiza za achemwali ake atakhala m'holo, mutu atapendeketsa monga ankachitira akamamvetsera, kenako n'kunena kuti, uyo ndi wanga.

Onofrio anamupeza Tullio akudya buledi woika nyama pakati, zinyenyeswa zili mbwee m'ndevu. Atamva pempho loti Onofrio alowetse yekha mawu a mlimiyo, anasiya kutafuna.

"Bambo Laganà, mlimi wa ku Calabria kulankhula ngati wa ku Calabria. Bwanji sindinaganize zimenezi?" Anaimirira, anakhalanso. "Chimenechi ndiye choonadi. Filimu za makono zikufuna choonadi."

Onofrio anangomuyang'ana. Achinyamata amatulukira choonadi mlungu uliwonse, ndipo iye analibe mphamvu zotsutsana nawo. "Nanga mwini filimu avomera?"

"Ameneyo musiyireni ine."

Ntchito yolowetsa mawu Onofrio ankaiona ngati yachibwana, ya anthu oopa dzuwa. Anadziwa zoona zake tsiku loyamba. Kachipinda kanali kopanda windo, kodzaza utsi wa fodya. Kachidutswa ka filimu kankazungulira pachinsalu, komwekomweko, kubwerezabwereza, ndipo iye ankayenera kulowetsa mawu m'kamwa mwake momwe, pa nthawi yake. Ankachedwa. Akati afulumire, ankamaliza mlimi wapachinsaluyo akadali yasa. Ankapuma pamene mlimiyo akulankhula, n'kulankhula pamene mlimiyo akumeza malovu. Mkulu wa makina, amene ankakhala kuseri kwa galasi, anafika pogwira mutu ndi manja onse awiri.

"Bambo, milomoyo ndi yanu. Simukuidziwa?"

"Sindinkaiona. Ndinali kuseri kwake."

Tsiku lotsatira, Ermete anabwera. Palibe anamuitana. Analowa atatsamira ndodo, anakoka mpando n'kukhala pambali pa Onofrio, ndipo anamugwira pamkono. Milomo ya Onofrio ankaidziwa kuposa nkhope ya mkazi wake. Ankadziwa kuti mlomo wa m'munsi umayamba wanjenjemera kaye mawu asanatuluke, ndiponso kuti akakwiya amatseka pakamwa mochedwa. Nthawi yoyamba kulankhula ikakwana ankafinya mkono. Nthawi yopuma ankamasula. Onofrio akalakwa, ankamutsina, ndipo kamunthuko kanali ndi zala zachitsulo.

Anagwira choncho mpaka mkono unachita mabala akuda. Pamene anafika pa imfa ya mlimi, pansi pa mtengo wa maolivi, Onofrio anaiwala za milomo, anaiwala za galasi, anangolankhula. Kamawu kake kothina kaja kanasweka pakati, kanagwa, kanadzukanso. Mkulu wa makina anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya kwa nthawi yaitali. Ermete anamukokera pansi ndi kolala.

"Zoipa," ananong'ona. "Ine sindikanatha."

Mwini filimu anabwera tsiku lomaliza, munthu wonenepa wonunkhira mafuta a kometera, chikhoti atachikoleka paphewa. Anamvetsera kachidutswa kamodzi akuyang'ana wotchi.

"Ku Milano adzamva zimenezi?" anafunsa.

"Adzamva ndi mtima," anatero Tullio.

"Mtima sugula tikiti." Kenako anamwetulira, anamusisita Onofrio patsaya ngati mwana. "Mwagwira ntchito, mkulu. Kapumuleni."

Onofrio anazimva zonsezo, koma anasankha kumva za mtima zokha. Lamulungu anaimba foni kusitolo ya m'mudzi, n'kudikira kuti akawaitane achemwali ake, monga mwa masiku onse.

"Ukudya?" anafunsa a Nunziata, asanapereke n'komwe moni.

"Ndikudya. Achemwali, filimu yatsopano ikubwera. Ulendo uno mukandipezamo."

"Unatero kale."

"Sindinatero. Ulendo uno mawu ndi anga. Ine ndemwe, kuyambira poyamba mpaka pomaliza."

Pafonipo Onofrio ankamva mwini sitolo akukangana ndi munthu za tchizi.

"Akulola ndi kamawu kakoko?" anatero a Nunziata. "Kaya dziko likupita kuti." Koma mawu awo ankamwetulira, ndipo asanaike foni anafunsa ngati diresi lawo lakuda la kumaliro lingakhale bwino, kapena asoketse lina.

Filimu itatuluka ku Roma, Onofrio sanapite kukaionera. Tullio sanamuitane, ndipo iye anati mwina mnyamatayo watanganidwa. Komanso ankafuna kuti aimve koyamba ali pambali pa achemwali ake. Atamva kuti yafika kutauni ya kwawo, anakwera sitima. Ulendo wa ku Calabria ndi wautali kwa munthu wa mawondo abwino, ndiye kwa iye unali chilango. Anafika msana utauma, n'kupeza a Nunziata atasoketsa diresi labuluu, mtundu umene anachita kufunsa kwa telala kuti ukufanana ndi chiyani.

Anapita Lamulungu masana, anthu atatuluka ku Misa n'kudya. Sipanafunike lole. Mudzi unali utatha, achinyamata onse ali ku Torino ndi ku Germany, ndipo amene anatsala anakwana m'basi imodzi, mipando ina n'kutsala. Holo inali yomwe ija, yangokalamba, yonunkha chinyezi ndi makoko a nthanga za maungu. A Nunziata anakana kukhala kutsogolo.

"Kutsogolo n'kwa oona. Ine undikhazike pamene pakumveka bwino."

Magetsi anazima. Panabwera nyimbo, kenako munda wa maolivi, kenako mlimi akukwera mtunda ndi khasu paphewa. Anthu a m'mudzi anayamba kugundana zigongono. Onofrio anamva dzanja la achemwali ake likufufuza lake, n'kuligwira. Mlimiyo anaima, anayang'ana mwana wake wamkulu, mlomo wa m'munsi unanjenjemera.

"Munda uwu sugulitsidwa ine ndili moyo."

Mawu anali aakulu, osalala, a m'tauni. Sanali a Ermete, koma a wina wamng'ono amene anaphunzira kumutsanzira, ndipo anamutsanzira bwino ndithu. Onofrio anadikira chiganizo chachiwiri, ngati kuti mwina choyambacho chinangolakwika. Chachiwiri chinali chimodzimodzi. Anamvetsa zonse nthawi imodzi, kusaitanidwa kuja, kusisitidwa patsaya kuja. Sanakwiye n'komwe. Mkwiyo umafuna mphamvu. Anangomva manyazi, manyazi a munthu wamkulu amene walonjeza mwana chinthu n'kubwera chimanjamanja, ndipo analakalaka mpando utamumeza.

Dzanja la a Nunziata silinasunthe. Anamvetsera kanthawi, mutu uli chopendekeka, kenako anauwongola.

"Bambo uja wabweranso," anatero motsitsa. "Koma wachepa msinkhu."

"Andichotsa, achemwali. Sanandiuze. Tiyeni tizipita."

"Ndasoketsa diresi." Anapendeketsanso mutu. "Wati chiyani munthuyu? Mawuwo ukuwadziwa?"

"Onse."

"Ndiye ukudikira chiyani?"

Onofrio anayang'ana chinsalu. Mlimi anali atatembenukira mwana wake wachiwiri. Onofrio anawerama, n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu la achemwali ake, ndipo mlomo wa pachinsalu utanjenjemera, iye anayamba. Panalibe womufinya mkono, koma mkonowo unkakumbukira wokha. Ananena chiganizo chimodzi, kenako china.

"Osati za ku Romazo," anatero a Nunziata. "Mlimi wanji wolankhula ngati loya? Lankhula zakwathu."

Anasintha. Anayamba kunena mawu a mlimiyo m'chilankhulo cha kumapiri, chimene anali asanachilankhulepo pamaso pa kamera chibadwire. Mawu ena anakana kulowa, ndipo anaikapo akeake. Pamene mlimi wa pachinsalu anati ana ake ndi osayamika, Onofrio ananena mawu amene kwawo amanenera galu wakuba mazira, a Nunziata n'kuseka mpaka mpando kugwedera. Pamene panalibe zolankhula ankawauza zimene zikuchitika, kuti tsopano wakhala pamwala, tsopano akudula buledi ndi mpeni, tsopano akuyang'ana mvula imene sikubwera.

Kunong'ona sanakuphunzire. Kamawu kake kanali kopyapyala koma koboola, ndipo kanayamba kukwera. Anthu a m'tauni amene anakhala kutsogolo anayamba kucheuka.

"Shii."

"Agogo, tinalipira kuti timve filimu."

"Wina awatulutse madalawa."

Palibe anamuzindikira. Mumdimamo anali nkhalamba chabe ya kumapiri yosadziwa khalidwe la m'holo. A m'mudzi ankadziwa, koma anangoti phee, ena atasiya kuyang'ana chinsalu n'kupendekera kumene kunali iye. Onofrio anali atatopa, khosi likuwawa chifukwa cha kuwerama, thukuta likutsika m'kolala. Sanasiye. Mlimi anadwala, ana anabwera ndi galimoto kudzamutenga, iye anathawira kumunda, anagona pansi pa mtengo. Onofrio anamva chala cha achemwali ake chikumufinya, ndipo atayang'ana anaona kuwala kwa chinsalu kukunyezimira pamasaya awo onyowa.

Ndi nthawi imeneyo pamene woyang'anira holo anafika ndi tochi, bambo wa ndevu za pamlomo amene anali atatopa ndi madandaulo. Anawalitsa tochiyo kumaso kwa Onofrio.

"Bambo, mwina mukhale chete, mwina mutuluke. Mukusokoneza anthu."

Onofrio anatseka pakamwa. Moyo wake wonse akauzidwa kuti akhale chete ankakhala chete, ndipo anayamba kale kufufuza chipewa chake pansi pa mpando. Pachinsalu mlimi anali atatsegula pakamwa kuti anene mawu omaliza.

A Nunziata anamukoka mkono n'kumubwezera pampando. Anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu a woyang'anira uja, tochi ikuwala m'maso mwawo osaphethira.

"Chotsani nyali yanuyo, bambo, ndipo mumusiye mchimwene wanga," anatero. "Ine ndikuonera filimu." Kenako anabweretsa khutu lawo pafupi. "Pitiriza, Onofrio. Wati chiyani?"